Zinyalala za odwala zimathera kuti mu Harare muno?

Nabanda_Mufakose
Abale anga, ndifunseko kwa amene mumadziwa za chipatala pagulu pano. Pafupi ndi kwathu pali kachipatala ka pulayiveti, dzina sinditchula. Kukangoyamba kuda amayatsa moto kuseri kwa mpanda wawo, mumgolo wodula pakati. Utsi wake wakuda bii, wonunkha pulasitiki, umalowa mpaka kuchipinda, zovala zapachingwe zimachita kufuna kuchapanso. Mvula ija itagwa madzi anakokolola phulusa kudzera kunsi kwa mpanda, ana n'kumatola timabotolo ta mankhwala ndi masingano osapsa m'ngalande. Kodi malamulo a kuno amalola zimenezi? Nanga zipatala zikuluzikulu ngati Parirenyatwa ndi ku Gomo zimapita nazo kuti zinthu zotere? Ndikadandaule kwa ndani?

Mbwiye74
Sizololedwa zimenezo amayi. Jambulani utsiwo ndi masingano omwe, mupite nazo ku EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Pali Environmental Management Act ya 2002, palinso malamulo a zinyalala zoopsa, onsewa salola munthu kungootcha zotere pomwe wafuna. Ana aja aletseni kusewera m'ngalandemo lero lomwe.

Kabaza_wa_Mbare
Zithunzi zithandiza chiyani? Alipira faindi, mawa ayatsanso, kungoti pakati pa usiku.

SisterWaUsiku
A Nabanda pepani ndi zimenezo. Ndifotokoze momwe zimayenera kuyendera, muone nokha pomwe anzanuwo akulakwitsa.

Zinyalala za m'chipatala sizoopsa zonse ayi. Bungwe la WHO limati pafupifupi 85 pa 100 ndi zinyalala wamba ngati zakunyumba: mapepala, makatoni, zotsala za chakudya. Zoopsa ndi 15 zotsalazo: thonje ndi mabandeji a magazi, magolovesi ovula, masingano, malezala a ku fiyeta, nsengwa, mankhwala otha nthawi, zochokera ku labu. N'chifukwa chake mu wodi mumakhala mabini osiyana mitundu. Jumbo lakuda ndi la zinyalala wamba, limapita kumtaya pamodzi ndi za anthu onse. Lachikasu, kwina lofiira, ndi la zopatsira matenda. Masingano ali ndi kabokosi kawokawo ka katoni yolimba, ka malita 5, timati safety box. Ukangobaya jakisoni singano imalowa momwemo osaibwezera kachivindikiro, chifukwa ambiri amadzibaya pobwezerapo. Kakatsala pang'ono kudzaza, magawo atatu mwa anayi, timatseka. Sitikanikiza ndi dzanja kuti zikwane zambiri.

Zachikasuzo siziyenera kugona masiku. Kumadera otentha ngati kuno malangizo amati maola 48 nyengo yozizira, maola 24 nyengo yotentha ngati ya Okutobala. Zipatala zazikulu zimakhala ndi ng'anjo zawo, zing'onozing'ono zimalipira makampani ololedwa kuti azidzatenga. Kulipirako n'kumene anzanu a mgolo akuthawa.

Kabaza_wa_Mbare
A Sister mwatiwerengera buku lonse. Tiuzeni zomwe zimachitika magetsi akazima, dizilo atatha.

MayiZimba_Dziva
A Sister anena zoona, koma ndiwonjezereko za ife onyamula. Ine ndimakolopa ndi kutulutsa mabini pa chipatala china muno. Majumbo akuda akatha kusitolo, chilichonse chimalowa mu lachikasu. Achikasu akatha, chilichonse chimalowa mu lakuda, ndipo zoopsa zenizeni ndi zimenezo chifukwa lakudalo limakwera galimoto ya zinyalala wamba. Nthawi yoona odwala achibale amabwera ndi nsima, ndiwo, mahewu, nthochi. Wodwala amangonyemako pang'ono, zotsalazo amaponya mu bini yomwe ili pafupi, mtundu sayang'ana. Jumbo lija ukamalitulutsa limadontha msuzi wosakanikirana ndi madzi a dripi. Umaligwira pakhosi n'kulitalikitsa ndi mwendo, chifukwa sudziwa muli chiyani. Mnzanga wina linamukhudza pantchafu, singano n'kuboola jumbo ndi yunifomu yomwe. Anamwa PEP, mankhwala oteteza kuti asatenge HIV, masiku 28, nseru, kusowa tulo, kunyumba n'kumakayikiridwa, chifukwa cha munthu mmodzi amene anachita ulesi kufika pa bokosi lomwe linali pomwepo.

Anaphiri_Glen_View
Mayo ine. Ndiye anachira bwinobwino?

MayiZimba_Dziva
Ali bwino, anayezetsa kangapo, alibe. Koma anasiya ntchito, pano akugulitsa kaunjika.

SisterWaUsiku
Aliyense amene wabayidwa ndi singano yogwira kale ntchito, kaya ndi mwana wa m'ngalande uja, atsuke ndi sopo ndi madzi n'kuthamangira kuchipatala. PEP imayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo kufulumira n'kwabwino. Anthu amaopa HIV yokha, koma singano ikachokera kwa munthu amene ali ndi kachilomboko, mwayi wotenga ndi pafupifupi 0.3 peresenti, pamene wa hepatitis B, matenda a chiwindi aja, umafika 30 peresenti.

Injiniya_Mtsogolo
Zomwe anena amayi Zimba n'zomwe zimagwetsa masamu athu. Ine ndili kusukulu ya uinjiniya, ntchito yanga yomaliza ili pa kuwerengetsera zinyalala za zipatala pasadakhale, kuti ng'anjo, galimoto ndi bajeti zigwirizane ndi katundu. Njira yofala n'njosavuta. Umatenga mabedi omwe muli odwala n'kuchulukitsa ndi makilogalamu omwe bedi limodzi limatulutsa pa tsiku. WHO imati m'mayiko olemera bedi limatulutsa mpaka 0.5 kg ya zinyalala zoopsa pa tsiku, m'mayiko osauka pafupifupi 0.2 kg.

Tiyerekeze chipatala cha mabedi 200, ogonedwa ndi 160. Pa 0.2 kg tipeza 32 kg pa tsiku. Wogula ng'anjo anena kuti yaing'ono ikwanira, dizilo pang'ono basi. Koma 32 kg ija ndi 15 peresenti chabe ya zonse. Nsima ndi makatoni zikalowa mu jumbo lachikasu, zonse zasanduka zoopsa, ndiye pang'anjo pafika zoposa 200 kg. Palibe angamasule jumbo kuti apatule, n'zoletsedwanso. Zonyowazo zimatsitsa moto, dizilo amatha msanga, njerwa zimang'aluka, mulu umakula panja. Chaka chikatha anthu amati ng'anjoyo inali yachabechabe, chonsecho inagulidwa pa nambala ya m'buku.

Kuwerenga mabedi kulinso ndi vuto lake kwathu kuno. Ogona pansi sawerengedwa. Obwera m'mawa n'kubwerera masana sawerengedwa. Kachipatala ka m'dera kopanda bedi ngakhale limodzi kamabaya katemera tsiku lonse, koma pa masamu a mabedi kamatulutsa ziro.

Mbwiye74
Zomveka achimwene, koma masamu anuwo athandiza bwanji a Nabanda amene akupuma utsi usiku uno?

Injiniya_Mtsogolo
Usiku uno sawathandiza amalume, apite ku EMA monga mwanenera. Koma taganizirani chomwe chimachititsa kachipatala kaja kuyatsa mgolo. Otenga zinyalala nthawi zambiri amalipiritsa pa kilogalamu. Ngati sapatula, akulipira mtengo wa zoopsa pa makoko a nthochi omwe, bilu imatupa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mwini wake n'kusankha machesi. Atamapatula bwino, bilu ija ikhoza kupiririka.

Kabaza_wa_Mbare
Kapena ndi umbombo chabe. Sikuti chilichonse chimafuna masamu.

MayiZimba_Dziva
Mwana wanga Injiniya, ukafuna manambala enieni udzafunse ife. Ndikhoza kukuuza ndisanatsegule chitseko kuti lero kulemera pati. Lolemba ndi mulu wa kumapeto kwa sabata. Tsiku la maopaleshoni ambiri majumbo a ku fiyeta amachuluka koma opepuka, nsalu ndi magolovesi. Ku wodi ya amayi oyembekezera ndi zidebe, zolemera, zamadzi. Mvula ikayamba ku wodi ya ana ndi matewera okhaokha chifukwa cha kutsegula m'mimba. Kumapeto kwa mwezi anthu akalandira, ku casualty ndi thonje la magazi, ngozi ndi ndewu za kumowa. Obwera ndi mapepala a mafunso amathera mu ofesi, amafunsa abwana kuti mumatulutsa zingati, abwana n'kutchula nambala yam'mutu. Sikelo palibe anatipatsapo.

Injiniya_Mtsogolo
Amayi, mwanena zomwe ndimafuna kumva. Kugula ng'anjo osayeza zinyalala kuli ngati kusoka diresi la mkwatibwi usanamuone. Chofunika ndi sikelo yopachika, ngati ija yoyezera ana, ndi kabuku. Jumbo lililonse liyezedwe, alembe wodi yomwe lachokera ndi mtundu wake, sabata yathunthu, kenako abwerezenso nyengo ina. Pambali pake pakhale chiwerengero cha ogonekedwa, obwerera, obereka ndi maopaleshoni a tsikulo. Pamenepo kompyuta ingathe kuona kuti kubereka kumodzi kumawonjezera zingati, opaleshoni imodzi zingati, ndipo chipatala chikafuna kutsegula wodi yatsopano chidziwiratu katundu wake.

Pali njira ina yotchedwa system dynamics, imene imatsata momwe chinthu chimodzi chimakokera chinzake. Mwachitsanzo antchito aphunzitsidwa, kupatula kwayenda bwino, zachikasu zachepa. Kenako anamwino ophunzitsidwa aja anyamuka ulendo wa ku UK, alowa atsopano, kupatula kwabwerera m'mbuyo, ng'anjo yalemedwa, yawonongeka, ndalama ya majumbo yapita kokonzetsa, majumbo asowa, kupatula kwatheratu. Amene amangowerenga mabedi zimenezi sangazione.

SisterWaUsiku
Za ku UK zo musayambe, tilira pano. Theka la omwe ndinkasinthana nawo shifiti akundilembera ali ku Birmingham.

Anaphiri_Glen_View
Kwathu mwana wa achemwali naye akudikira mapepala. Akuti visa yavuta tsopano, ndi zoona?

Kabaza_wa_Mbare
Ayambe wabweza ndalama ya chipereganyu asanakwere ndege kkkk

Admin_Nyasa
Za visa zili ndi ulusi wake, pitani nazo kumeneko. Ndikumbutsenso a bungwe la maliro kuti zopereka za mwezi uno sizinakwane. Tibwerere ku zinyalala.

Gogo_Nachisale
Ine ana anga chandikhudza n'choti mwaika nsengwa m'gulu la zinyalala. Ife pobereka kumudzi azamba ankakwirira okha pamalo pobisika, osauza munthu, kuopa amaliwongo. Lero mukuti imapita mu chidebe pamodzi ndi za anthu ena. Mtima wanga sukuvomera.

SisterWaUsiku
Agogo ndakumvani, ndipo si inu nokha. Nsengwa siponyedwa mu bini ngati thonje. Zipatala zambiri, makamaka zakumudzi kuno ndi kwathu komwe, zili ndi dzenje lakelake lomangidwa ndi simenti pamwamba, lokhala ndi chivindikiro chokhoma ndi paipi yotulutsa mpweya, kuti galu kapena munthu wa zolinga zina asafikepo. Imawolera momwemo. Chachikulu n'choti dzenjelo litalikirane ndi chitsime ndipo pansi pake pasafike pamadzi. Kwina amaiotcha mu ng'anjo yaikulu.

Gogo_Nachisale
Bola dzenje lokhomalo. Zootcha ayi.

Fundi_wa_Tafara
Poti mwatchula ng'anjo, ndinenepo ine womanga. Zija za njerwa mumaziona kuseri kwa zipatala za mishoni, zambiri zimatsata pulani ya De Montfort, yomwe anaikonza Pulofesa Jim Picken pa yunivesite ya De Montfort ku Leicester. Imakhala ndi zipinda ziwiri. Choyamba chimaotcha zinyalala, chachiwiri chimaotcha utsi womwewo usanakwere chumuni. Mkati mumafuna njerwa zopirira moto, osati zathu zoumba kudambo. Ndaonapo zina zomangidwa ndi njerwa wamba kuti zitchipe, sizichedwa kugumuka.

Koma ngakhale yomangidwa bwino imadalira woyatsa. Uyambe waitenthetsa ndi nkhuni kapena makatoni ouma mpaka mkati mufiire, kenako uziponya pang'onopang'ono, kusakaniza mabokosi a masingano ndi zonyowa. Ambiri amadzaza mpaka kukamwa kukali kozizira, kuthira palafini, kuyatsa, n'kuchoka. Chumuni chikamatulutsa utsi wakuda ndiye kuti moto wachepa. Phulusa nalo lili ndi dzenje lake lotseka, chifukwa masingano sasungunuka, amangoda.

Injiniya_Mtsogolo
A Fundi akhudza pofunika. Machubu a dripi ndi matumba a magazi ambiri ndi a pulasitiki ya PVC, muli klorini. Ikapsa ndi moto wochepa imatulutsa poizoni wotchedwa dioxin ndi furan, yemwe amagwera pansi, nkhuku n'kutola, n'kukhazikika m'mazira ndi m'mafuta a thupi zaka zambiri. Ali m'gulu la zoyambitsa khansa, ndipo pangano la Stockholm la 2001 limafuna kuti mayiko azichepetsa. WHO imati ng'anjo zokhazo zofika madigiri 850 mpaka 1100, zokhalanso ndi zosefera utsi, n'zimene zingakwanitse muyezo. Mgolo wa kwa a Nabanda suyandikirako n'komwe. N'chifukwa chake ena amalimbikitsa autoclave, yopha tizilombo ndi nthunzi pa madigiri 121 kapena 134, kenako n'kugaya zotsalazo.

Mbwiye74
Autoclave ifuna magetsi ndi madzi, ziwiri zomwe timachita kupempherera. Madzi a damu la magetsi la Kariba akatsika tonse timadziwa zomwe zimachitika. Ikathyoka ka valuvu kamodzi mudikira kachokere kunja miyezi. Ine ndingasankhe ng'anjo ya njerwa yomwe a Fundi angaikonze ndi manja kusiyana ndi makina onyezimira ongokhala.

Injiniya_Mtsogolo
Sinditsutsa amalume, koma mu tauni yothithikana ngati Mufakose kapena Mbare ng'anjo pa kachipatala kalikonse ndi utsi pakhomo lililonse. Kumudzi inde. Muno n'kwabwino malo amodzi kapena awiri otentha mokwanira, galimoto yotseka izizungulira kutolera. Masamu a njira ya galimotoyo, kuti iyambire pati ndipo ibwere kangati pa sabata maola 48 asanakwane, amafunanso makilogalamu omwe aja palibe akuyeza.

Mbwiye74
Galimotoyo ikafa tayala?

Fundi_wa_Tafara
Abwerera kumgolo kkkk

Anaphiri_Glen_View
Musaiwale za miliri. Ife kuno kolera tinaiona ndi maso, 2008 mpaka 2009 pomwe dziko lonse linataya anthu oposa 4,000, ndi 2018 pomwe inayambira kuno ku Glen View ndi ku Budiriro. Anthu ankanyamulidwa kupita kuchipatala cha Beatrice Road, ena kumatenti. Madripi, zidebe, zofunda zotaya, zonsezo pa masiku ochepa. Masamu a tsiku wamba angakwane pamenepo?

Injiniya_Mtsogolo
Sangakwane achemwali. Wopanga pulani amayenera kukhala ndi manambala awiri, ya tsiku wamba ndi ya tsiku loipitsitsa, n'kudziwiratu kuti zochulukazo zidzapita kuti. COVID inaonetsa zimenezi dziko lonse. WHO inati pakati pa Malichi 2020 ndi Novembala 2021 mabungwe a UN okha anagula matani pafupifupi 87,000 a zovala zodzitetezera, ndipo zambiri zinathera kudzala. Kwathunso ku Malawi kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700, namondwe Freddy n'kubweranso pakati pake. Nthawi ngati imeneyo dzenje la phulusa likasefukira, madzi ake amapita komwe anthu amatunga.

Kabaza_wa_Mbare
Ine ndimanyamula katundu wa anyamata otola mabotolo ndi zitsulo, amabwera nazo kudzagulitsa kuno. Taonani manja awo, mabala okhaokha. Amang'amba majumbo akuda ndi manja, opanda magolovesi, kuyambira m'mabini a m'misewu. Kumtaya wa Pomona akuti zinasintha chilowereni kampani ya Geo Pomona mu 2022, koma jumbo lisanafike kumeneko ladutsa kale m'manja angapo. Kumtaya wa Mzedi ku Blantyre ndi chimodzimodzi. Anthu amenewa mu kompyuta yanu alimo?

Injiniya_Mtsogolo
Mulibe achimwene. Masamu ambiri amathera pageti la chipatala.

Achimwene_a_Epworth
Ndiye funso langa likugwera pomwepo. Bambo anga ali ndi shuga, amabaya insulin kunyumba m'mawa ndi madzulo. Masingano timaponya m'chimbudzi chokumba. Matewera awo timakwirira kuseri. Tikulakwa?

SisterWaUsiku
Achimwene, pezani chigubu cha pulasitiki yolimba chokhala ndi chitsekero chopotokola, ngati cha mankhwala ochapira, osati botolo la chakumwa lopyapyala. Lembanipo kuti masingano, muchiike patali ndi ana. Chikatsala pang'ono kudzaza mutseke, mumate ndi tepi, mupite nacho komwe abambo amatengera mankhwala mukapemphe kuti achiphatikize ndi mabokosi awo. M'chimbudzi ayi, chifukwa tsiku lina wina adzapopa kapena kukumba pamenepo. Mu bini ya panjira ayi, mwamva za anyamata a Kabaza. Matewera kukwirira n'kwabwino kusiyana ndi kutaya kudambo, koma ku Epworth zitsime zanu n'zosazama, dzenjelo litalikire ndithu.

Nabanda_Mufakose
Zikomo nonse. Zithunzi ndajambula, anansi awiri avomera kusaina kalata. Mwana amene anatola singano akuti sinamubaye, koma amayi ake apita naye.

Mbwiye74
Kalatayo mukhale ndi kope lanu lodindidwa. Musasiye yoyamba yokha.

MayiZimba_Dziva
A Sister, za hepatitis mwanena zija zandikhalira pamtima. Ife ambiri tinalembedwa kudzera ku kampani yokolopa, si ife antchito a chipatala. Anamwino amabayidwa katemera wake, ife palibe anatiitanapo.

SisterWaUsiku
Mukuyenera kulandira amayi, mwinanso kuposa ena a ife, chifukwa ine ndimaona singano yomwe ndagwira, inu simuiona. Ndi majakisoni atatu, wachiwiri pakatha mwezi, wachitatu pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Funsani kwa namwino woyang'anira zopewa matenda pa chipatala chanucho, ndipo mupite gulu, osati nokha.

Injiniya_Mtsogolo
Amayi Zimba, ndikapeza kalata yakusukulu ndi chilolezo cha akuluakulu a chipatala chanu, mungandilole ndidzayeze nanu majumbo? Sikelo ndibweretsa ndekha. Mayina a anthu sindilemba, makilogalamu okha ndi wodi.

MayiZimba_Dziva
Chilolezo uyambe wapeza, ine ndisachotsedwe ntchito chifukwa cha sukulu yako. Ukapeza usabwere 10 koloko ngati anzako a mafunso aja, udzapeza mabini ali mbee. Timatulutsa 5 koloko m'mawa, shifiti yausiku isanaweruke. Ubwere ndi majombo ako ndi magolovesi ochindikala, athu sakwanira ife tomwe.